Nkhope Yobwereka

1. Kachizindikiro ka patsidya

Mu msewu wonse wa mashopu munalibe munthu womuitana dzina lake lenileni. Onse ankangoti Wailesi. Dzinali anamupatsa ndi wometa wa pakona, chifukwa mtsikanayu akamva kanthu m'mawa, pofika masana ngakhale agalu a kuseri kwa bucha amakhala atamva. Mwini wake sankadandaula nalo. Ankati, "Bola wailesi, anthu amaitchera khutu."

Amayi ake anali telala. Shopu yawo inali kachipinda kamodzi: makina osokera pafupi ndi zenera, tebulo lodulirapo nsalu, galasi lalitali long'aluka pakona, ndi chidole chopanda mutu chovekapo madiresi. Wailesi akaweruka kusukulu ankafikira momwemo, n'kudzikhazika pa mpando wapulasitiki, foni ya shopu ili m'manja. Ntchito yake inali kuyang'anira tsamba la shopu pa intaneti. Ankajambula madiresi, kuika zithunzi, ndi kuwerengera Amayi mauthenga a makasitomala, poti maso a Amayi ndi tizilembo ta pafoni zinali zosamwerana madzi.

Tsambalo sanalitsegule ndi iye ayi. Analitsegula ndi Achemwali ake, ndi dzina lawo komanso zithunzi zawo, asanachoke pakhomo. Nkhani ya kuchoka kwawo aliyense mu msewuwo ankaidziwa. Achemwali anakondana ndi mnyamata woyendetsa lole amene Amayi sanamufune. Mawu anakula, Amayi n'kunena kuti, "Ukatuluka pakhomopo usadzapondenso." Achemwali anatulukadi, nambala ya foni n'kusintha. Kuyambira pamenepo dzina lawo silinkatchulidwa m'shopumo. Koma tsamba linatsala, ndipo ndi lomwe linkadyetsa banja.

Ndiye inu, eni ake a masamba a mchezo a pa intanetiwo, anthu oti palibe anawaonapo nkhope, anangodzuka tsiku lina n'kusintha zinthu. Anabweretsa kachizindikiro kobiriwira ka mashopu otsimikizika. Shopu yokhala ndi kachizindikiroko ankaionetsa patsogolo, n'kuipatsanso batani loti kasitomala akangodina, oda yafika. Shopu yopanda ankaikankhira kumchira, kumene maso a anthu safikako.

Foni ya Amayi inayamba kuzizira. Kale inkalira ngati mwana wanjala. Tsopano inkangogona pa tebulo, phee.

Telala wa patsidya la msewu, amene anthu ankamutcha Mayi Mabatani, anakapeza msanga kachizindikiroko. Tsiku lomwelo anaoloka msewu, ati kudzabwereka choko.

"Anzanga, muli ndi choko? Changa chatha, maoda achuluka, manja mpaka akuwawa." Anatembenuza foni yawo kuti onse aone. "Kanthu kakang'onong'ono ngati nsabwe, koma ntchito yake! Inu simunakapezebe? Ha, pepani."

Amayi anawapatsa chokocho. Wailesi anatsonya chamumtima, n'kudikira kuti atuluke.

"Choko chatha chiyani, dzulo lomweli ndawaona akugula bokosi lathunthu!"

"Iwe, kamwa," anatero Amayi.

2. Nsalu ya mkwatibwi

Oda imodzi yokha ndi imene inatsala yopatsa chiyembekezo. Mkwatibwi wina wa kutali, woti Amayi sanamuonepo, anakopeka ndi zithunzi za patsamba. Anatumiza pa basi nsalu yonyezimira ya mtundu wa vinyo kuti asokere atsikana omuperekeza pa ukwati. Miyezo ya atsikanawo, chifuwa, chiuno, mapewa ndi utali, anailemba mu mauthenga a patsamba lomwelo. Nambala yake ya foni sanapereke, ndipo palibe anaganiza zomufunsa, poti ankalankhulana bwinobwino momwemo.

"Miyezo ija uikopere papepala," anatero Amayi tsiku limene nsalu inafika.

"Amayi, pepala limasowa. Foni siyiiwala."

"Ndati uikopere."

"Ndikopera, ndikopera."

Sanakopere. Tsiku limenelo mkazi wa wometa anali ndi nkhani yokoma ya alamu ake, ndipo makutu a Wailesi anathera kumeneko.

Lachisanu masana, Amayi akusoka diresi loyamba, Wailesi anadina pamene panalembedwa zopempha kachizindikiro. Anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikugwedera, kenako anakweza mutu.

"Amayi, akuti n'zosavuta. Akungofuna kuti mwini tsamba, amene analitsegula, aonetse nkhope yake pa kamera. Makina afananize ndi zithunzi zake zakale, basi kachizindikiro katuluka."

"Ndiye bweretsa ndionetse."

"Si inu, Amayi. Akufuna amene anatsegula. Akufuna Ache..."

Makina osokera analira mwamphamvu mpaka singano inadumpha. Amayi sanadzutse nkhope.

"Ndinanena kale. Dzina limenelo muno ayi."

M'shopumo munalinso Azakhali, mlongo wawo wa malemu Abambo. Iwowa ankabwera kudzathandiza kusita ndi kupinda m'mphepete mwa madiresi. Anali munthu wosaseka wamba, magalasi awo omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Amayi atatuluka kukamasula mtima panja, Wailesi anadziyang'ana pa galasi long'aluka lija, n'kutembenuza khosi uku ndi uku.

"Azakhali, koma anthu amati ine ndi Achemwali ndi nkhope imodzi. Mphuno ndi yomweyi, chipumi ndi chomwechi. Makina angadziwe chiyani? Makina alibe maso."

Azakhali anaimika simbi pa chitsulo chake.

3. Mawu a Azakhali

"Khala pansi, mwana wa mchimwene wanga, nditchere khutu, poti lero wailesi imvereko ena.

"Ine za mafoni anuwa sindizidziwa. Koma za zovala ndazidziwa usanabadwe. Munthu akabwereka diresi la mnzake, ngakhale likhale lokongola bwanji, pali pena pamene limamuulula. Kaya m'khwapa, kaya pa chiuno, msoko umalankhula. Akakhala pansi pagulu, umva *phwee*, manyazi n'kumugwira. Limenelo ndi diresi chabe. Nanga nkhope?

"Nkhope ya mkulu wako si yako. Anakusiyira tsamba, sanakusiyire nkhope. Ukaivala lero ndiye kuti wanama, ndipo bodza limafuna mnzake wolichirikiza, mnzakeyo n'kufunanso wina, mpaka udzapeza kuti wasoka chovala chonse ndi ulusi wovunda.

"Chachiwiri, anthu amene anaika lamuloli suwadziwa. Alibe khomo loti ungakagogode. Telala akakulakwira umabwerera n'kumuuza kuti apa mwafinya. Awa ukawauza kuti? Munthu wanzeru saponya mwala m'chitsime chosaoneka pansi pomwe akumwamo yekha. Tsamba limeneli ndi munda wa mayi ako. Panopa likubala pang'ono, koma likubala. Usalisewere nalo.

"Ndikudziwa chikukuwawa ndi Mayi Mabatani. Asiye anyade. Njira yoona ilipo imodzi, ndiyo yoti mayi ako ndi mwana wawo akhale pansi. Imeneyo ndi ntchito ya ife akuluakulu, ndipo imafuna kudekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwanawe. Wamva?"

"Ndamva, Azakhali."

Anamvadi. Koma mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linalo, chifukwa pa nthawi yomweyo kudzera pa zenera ankaona kasitomala wawo wakale, mayi wa ku famase, akulowa kwa Mayi Mabatani nsalu ili m'khwapa.

4. Ku saluni

Loweruka m'mawa Amayi anamutuma kukagula mazipi a mtundu wa vinyo. "Tenga foni, ujambule nsaluyi kuti usagule mtundu wolakwika. Ubwere msanga, lero tidula madiresi otsala."

Wailesi sanalunjike ku mazipi. Anakhotera ku saluni kumene kunkagwira ntchito mnzake wina wamkuluko pang'ono, wotchedwa Chinsidze. Ameneyu ankajambula nsidze za anthu mpaka munthu kuoneka wodabwa sabata yathunthu.

"Chinsidze, lero undisandutse Achemwali."

"Iwe wapenga? Kapena wapeza chibwenzi chachikulire?"

Wailesi anafotokoza zonse, n'kumuonetsa chithunzi chakale cha Achemwali, chimene anadzijambula okha ataima pa galasi la m'shopu. Chinsidze anachiyang'anitsitsa, n'kuseka mpaka kugwira pamimba.

"Zimenezi zokha? Ine ndinakonzapo gogo wina mpaka amuna ake kumulonjera ngati mlendo. Khala apa."

Anamupaka ufa, n'kumukweza nsidze. Milomo anaifiiritsa. Anatsitsa wigi yaitali pa msomali, n'kumuveka. Potsiriza anatenga pensulo yakuda n'kudontheza kadontho pa tsaya, pofanizira ndi kamene Achemwali anabadwa nako.

"Pensulo iyi ngakhale mvula ikugwe, sichoka. Taona pagalasi."

Wailesi anadzidzimuka. Mu galasimo munali Achemwali, kungoti maso anali a mwana. Azimayi awiri amene ankaumitsa tsitsi anasuzumira.

"Eee, mphuno ngati anachita kudinda!" anatero mmodzi.

"Ana a masiku ano," anatero winayo, koma naye anasendeza mpando kuti aone bwino.

Wailesi anadina batani. Pa foni panabwera chozungulira ngati dzira, nkhope yake ili m'kati. Foni inamuuza kuti atembenukire kumanja. Anatembenuka. Kumanzere. Anatembenuka, wigi n'kusendera pang'ono, Chinsidze n'kuikoka chakumbuyo. Aphethire. Anaphethira. Amwetulire. Anamwetulira kumwetulira kwa munthu amene waponda minga.

Kachingwe kanayamba kuzungulira pa foni.

"Katuluka kobiriwira, uona," ananong'ona Chinsidze.

Sikanatuluke kobiriwira. Panatuluka mawu ofiira. Wailesi anawerenga koyamba osamva, n'kubwerezanso mokweza. Nkhopeyi si ya mwini tsamba. Komanso nkhopeyi ikuoneka kuti ndi ya mwana, ndipo malinga ndi malamulo atsopano ana saloledwa kuyendetsa tsamba la malonda. Tsambali latsekedwa kufikira mwini wake weniweni atadzionetsa.

Anadina kuti abwerere ku mauthenga. Kunalibe. Zithunzi za madiresi, kunalibe. Dzina la mkwatibwi, miyezo ya atsikana, zonse zinali kuseri kwa chitseko chimene iye anachimenyetsa yekha.

"Tazimitsa uyatsenso," anatero Chinsidze, kuseka kutamuthera.

Anazimitsa, n'kuyatsa. Mawu ofiira aja anali pomwepo.

"Ine ndangopaka ufa, za mafoni sindikudziwa," Chinsidze anatero akuvula wigi pamutu pa mnzakeyo. "Usakanditchule kwa amayi ako."

Wailesi anathamangira kwa wokonza mafoni, bambo wa kashopu kodzaza ndi mawaya. Bamboyo anadinadina, n'kupukusa mutu.

"Mwana wanga, ikanakhala batire kapena galasi ndikanakonza. Izi zili kwa eni ake."

"Ndiye tiwaimbire!"

"Tiimbire ndani? Pali malo apa odandaulirapo. Taona." Analemba dandaulo, n'kutumiza. Yankho linabwera asanachotse n'chala chomwe, mawu omwe aja, oti mwini wake weniweni adzionetse. "Waona? Akuyankha ndi makina. Makina sungawagwadire."

5. Kadontho

Anasukusula pa mpopi wa kuseri kwa bucha. Ufa unachoka, milomo inayera. Mazipi anagula, n'kuyamba ulendo wobwerera ku shopu. Aka kanali koyamba kuti Wailesi adutse mu msewu wonse osapatsa munthu moni, mpaka wometa anafuula, "Mabatire atha kodi?"

M'shopu, nsalu ya vinyo inali itayalidwa pa tebulo, yosalala ngati madzi. Amayi anali ndi tepi pakhosi, choko kudzanja ili, sizasi kudzanja linalo. Azakhali ankasita pakona.

"Wachedwa kuti? Tiye, werenga. Mtsikana wachiwiri, chiuno."

Wailesi anaima pakhomo.

"Iwe, ndati chiuno."

"Amayi, tsamba latsekedwa."

Ananena zonse, osawonjezera mchere monga ankachitira ndi nkhani za ena. Za wigi, za dzira la pa foni, za mawu ofiira, za wokonza mafoni.

"Pepala lija," anatero Amayi motsitsa. "Lija ndinati ukopere."

Wailesi anayang'ana pansi.

"Mkwatibwi uja, nambala yake?"

"Tilibe, Amayi."

"Kumene amakhala?"

"Anangotchula kumene basi inachokera."

Wailesi ankadikira mbama. Ikanakhala bwino mbamayo. Koma Amayi anangoika sizasi pa tebulo pang'onopang'ono, ngati ingasweke, n'kukhala pa mpando wapulasitiki uja. Anayang'ana nsaluyo.

"Mwana wa eni ake akuwerenga masiku a ukwati wake," anatero. "Azitumiza mauthenga, ife osayankha. Adzati telala uja wadya nsalu yanga. Adzauza anzake, anzakewo adzauza ena. Dzina limene ndalisoka ndi singano zaka zonsezi lidzatha ngati utsi, ndipo sindingathe n'kumupepesa komwe."

"Tingotsegula tsamba lina, Amayi."

"Lopanda munthu ndi mmodzi yemwe? Mkwatibwiyo akalipeza bwanji?"

Azakhali sananene kuti ndinakuuza. Anangovula magalasi, n'kuwapukuta ndi kansalu, n'kuwavalanso.

"Mlamu," anatero, "foni yanena yokha chofunika. Mwini nkhope abwere."

"Bola nditseke shopu."

"Mlamu, mkwiyo sudyetsa ana. Munanena mawu mutapsa mtima, naye anachoka atapsa mtima. Nonse awiri mitu yanu ndi miyala, n'chifukwa chake munagundana. Koma lero si za inu nokha. Pali mwana wa eni ake, pali nsalu ya eni ake."

"Ndati bola nditseke."

Amayi anadzuka kuti apinde nsaluyo. Podutsa pafupi ndi Wailesi anaima. Anamugwira chibwano, n'kutembenuzira nkhope yake ku kuwala kwa pa zenera. Kadontho ka Chinsidze kanali kadakali pa tsaya, kakuda bii, madzi a pampopi atakalephera.

Anakayang'ana, n'kukayang'anabe.

"Mwakaika kolakwika," anatero. "Kake kali pa tsaya la kumanzere. Chithunzi chija anajambulira pagalasi." Anakakhudza ndi chala. "Ali wakhanda ndinkayesa ndi kachitsotso, ndinkakapukuta tsiku ndi tsiku."

Anamusiya, n'kukakhala pa makina. Anatenga kansalu kopanda ntchito n'kuyamba kukasoka uku ndi uku, mizere yopanda mutu, makina akulira ngati akuthamangitsidwa.

Azakhali anakokera Wailesi kuseri kwa chidole chopanda mutu chija. Ananyowetsa chala ndi malovu, n'kuyesa kufufuta kadonthoko. Sikanachoke.

"Iwe umamva zonse za mu msewu uno," ananong'ona. "Lero kamwa lakolo ligwire ntchito yabwino. Mkulu wako ali kuti?"

Wailesi analuma mlomo. Nkhani imeneyi yokha anali ataisunga osauza munthu, chimvereni kwa mkazi wa wometa. Ankaopa Amayi.

"Akuti amakhala kuseri kwa malo ogulitsira matabwa, kumene malole amagona," anayankha motsitsa kwambiri. "Koma Azakhali, si zokhazo. Akuti mnyamata wa lole uja anapita ulendo osabweranso. Ndipo amene anawaona akuti anali ndi mwana kumbuyo."

Pomwepo makina osokera anasiya kulira.

Amayi sanatembenuke. Msana wawo unali chilili, manja ali pa kansalu kaja.

"Wailesi," anatero. "Kweza mawu. Wati ali ndi chiyani kumbuyo?"